Chikho cha Tiyamike

Ana inu, bwerani kuno pansi pa nimu, thonjeli tisankhire pompano. M'nyumbamo lero simukhalika, malata akuchita kulira ndi dzuwa. Esinati, koka mphasayo. Lonjezo, njingayo itsamize pamtengo, anthu okwera kabaza pa Ngabu sangathe lero. Loyera muziika uku, lothimbirira uko, ndipo wina asandiponyere zinyalala m'thumba la loyera poganiza kuti maso a agogo anatha. Maso alipo. Ndi omwewa amene aona chikho ichi m'mawa uno.

Inde, n'cha Tiyamike, chobiriwira chija chong'aluka pogwirira. Ndachipeza chili chokhachokha pansi pa thandala, kutali ndi zinzake, ngati mbale ya galu. Sindifunsa kuti wachiika pamenepo ndani. Ndachitola, ndathiramo thobwa langa, ndipo ndikumwera momwemo monga mukuoneramu. Tsekani pakamwa, mungameze ntchentche.

Za dzulo ndamva zonse. Mwanayo anagwa kumjigo, thupi lonse likugwedezeka, thovu lili kukamwa, nkhope ili m'mphepete mwa ngalande ija mumasamba abakha. Inu munalipo, amayi otunga madzi analipo, wina mpaka anatulutsa foni n'kumajambula. Munazungulira patali, aliyense atagwira mphuno. Iwe Lonjezo unatambasula manja kutchinga ang'onoang'ono, n'kumakuwa kuti asayandikire, angawaphwisire n'kuwapatsira khunyu. Mlongo wako anatsitsimuka yekha, anatola ndowa yake yopanda madzi, n'kubwera kunyumba yekha, diresi litanyowa, lilime atadziluma. M'mawa uno amake apita naye kuchipatala wapansi, chifukwa akuti njinga ya pakhomo pano yaphwa tayala. Tayalalo ndalisinikiza ndi chala, Lonjezo, mpweya ulimo wokwanira.

Usagwetse nkhope, sindinakuitanireni mlandu. Mantha amenewo simunawayambitse ndinu, munawapeza, monga munapezera mtengo wa nimuwu utakula kale. Koma mwanayo abwera madzulo ano, ndipo asanalowe pakhomo pano ndikufuna mumve za dzanja langali.

Liyang'aneni bwino, lero sindilibisa m'thumba. Zala ziwiri zomatana, zitsa zitatu, khungu losalala mpaka pachigongono. Esinati ndinakuuza kuti inandiluma ndi ng'ona. Lonjezo uli wamng'ono ndinakuuza kuti ndi mvuu, ndipo unakafalitsa kusukulu kuti agogo ako anamenyana ndi mvuu n'kuigonjetsa. Zonsezo zinali zokugonetsani. Ng'ona ija ndinainamizira, ndipo ngati kumwamba kuli ng'ona ndikaipepesa. Dzanjali linapsa ndi moto, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ambirimbiri akuonerera.

Ndiyambire kwathu. Ine ndinabadwira kufupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Inu mukamva za Chiromo mumangoganiza za madzi osefukira ndi anthu okhala m'matenti, koma ife tinapeza pali moyo. Sitima inkadutsa pamlatho ikulira, ife ana tikuthamangira m'munsi ndi malichero a chimanga chootcha ndi masawu. Bambo anga anali msodzi. Anali ndi bwato losema lomwe anasiyiridwa ndi atate awo, miono yoluka okha, ndi chavi, ukonde uja woponya umene umatambasuka mumlengalenga usanagwe m'madzi. Maukonde a udzudzu amene anzanu akuphera nsomba masiku anowa bambo anga akanawaona akanalavula. Chaka cha njala tinkalowa m'dambo kukazula nyika, timizu takuda tija ta m'madzi. Esinati, iwe amene umakana mbatata kuti yakukwana, nyika ukanazidya ukulira, mawa lake n'kukazulanso wekha.

Machesi analipo m'sitolo ya mwenye, koma wogula ndani? Moto tinkapala. M'mawa mwana ankatumidwa ndi phale kwa anansi kumene kukufuka utsi, n'kubwera nawo akuuzira. Palibe ankamana mnzake moto, ngakhale atayambana dzulo lake. Ndikunena izi kuti musaganize kuti anthu a kwathu anali oipa mtima. Maliro akachitika mudzi wonse unkagona pasiwa. Bwato likagubuduzika amuna ankadziponya m'madzi a ng'ona osayamba afunsa kuti wamira ndi mwana wa yani. Amalume anga, alongo awo a mayi, mwambi wawo wa tsiku ndi tsiku unali woti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Muukumbukire mwambi umenewo, tiupezanso kutsogoloku.

Matenda akugwa anandiyamba mawu atangoyamba kukula pakhosi. Tinali m'bwato ndi bambo, ine ndikukoka mono. Ndinamva kanthu kakukwera kuchokera m'mimba, mkamwa mukuwawa ngati ndanyambita chitsulo, kenako basi. Ndinadzidzimukira pansi pa bwato, bambo atandikhalira pamiyendo kuti ndisagwere m'madzi. Tsiku limenelo anandigwira chifukwa sankadziwa kuti n'chiyani. Titafika kumudzi akuluakulu anawauza dzina la matendawo, n'kuwamwetsa mankhwala owatsuka, ati popeza anakhudza thovu langa.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa payekha. Mayi anga anatenga chikho chimodzi, cha mphonda osati zapulasitiki zanuzi, n'kumangirira kachingwe kofiira pogwirira kuti wina asalakwitse. Ankamanga akulira, ndinawaona. Mbale yanga inali yangayanga, mphasa yangayanga. Anyamata amene tinkagona nawo m'gowelo anasamuka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Kusukulu ndinagwako kamodzi, aphunzitsi anatuluka m'kalasi limodzi ndi ana, ndipo mawa lake anatumiza mawu kuti ndiyambe ndachira. Ndikanachira liti? Sukulu yanga inathera pomwepo, n'chifukwa chake mauthenga a pafoni mumandiwerengera ndinu.

Mnzanga mmodzi yekha sananditaye, dzina lake Tchale. Tinakulira limodzi, tinaba limodzi nzimbe, tinakwapulidwa limodzi. Ankabwerabe kudzacheza nane, koma asanakhale pansi ankanyowetsa chala ndi malovu n'kuchikweza m'mwamba kuti adziwe kumene kukuchokera mphepo, n'kukhala mbali imeneyo. Musaseke. Chabwino, sekani, inenso ndinkaseka, koma usiku ndinkazikumbukira mtima n'kumandipweteka.

Tsono bambo anakhala pansi n'kuganiza. Anati, "Zuze mwana wanga, m'bwato sudzakweramonso. Ukadzagwera m'madzi ine kulibe, ndidzakupeza kuti? Ntchito yako ikhale ya pamtunda, uziwamba nsomba." Mudzi wonse unawayamikira kuti aganiza mwanzeru. Taonani nzeru zake: anandichotsa kumadzi n'kukandikhazika pamoto. Palibe ndi mmodzi yemwe anaona cholakwika, ngakhale ine mwini wake, chifukwa kwathu imfa tinkaidziwira m'madzi basi.

Nyengo ya chilimwe tinkasamukira kumsasa, m'mphepete mwa dambo lalikulu lija la pamapu amati Elephant Marsh, ife tinkangoti kudambo. Udzudzu wake musanene, unkaluma ngati walipidwa. Kumeneko ndinakumba dzenje langa lowambira, lalitali ngati munthu wogona, pamwamba n'kuyalapo waya. Kuwamba si kuotcha, ana inu. Moto wake sufuna malawi, umafuna makala onyeka pang'onopang'ono ndi utsi wodekha. Mlamba umaupinda, mchira n'kuulowetsa kukamwa, n'kumautembenuza mpaka utachita kufiirira, mafuta akudontha. Ntchito imeneyo ndinaidziwa, ndisanamizire kudzichepetsa. Ogula ankachokera ku Bangula, kuno ku Ngabu, ena ankatsika phiri kuchokera ku Thyolo ndi njinga zawo, ndipo onse ankafunsa milamba ya Zuze. Nsomba zogwidwa ndi manja anga ankadya, koma moni wa padzanja sankandipatsa.

Zaka zimenezo ndi zomwe nkhondo inavuta ku Mozambiki. Anthu ankaoloka usana ndi usiku, ena atasenza mbuzi, ena atasenza nkhalamba zawo, ena manjamanja. Kumsasa kwathu kunafika mayi wachitsikana wamasiye, wowonda, wolankhula Chisena chokhachokha, nsalu yake imodzi yomweyo. Ankapala ndi kutumbula nsomba za anthu, malipiro ake mitu ndi matumbo. Anthu ankamudutsa ngati chitsa. Ine ndinamudziwa msanga chifukwa nthawi ya chakudya tonse awiri tinkadyera patokha, iye uko, ine kuno. Ameneyo ndi agogo anu aakazi, malemu a Dominga, aja ankakukwapulani ndi chipande mukaba chiponde. Inu munawapeza atanenepa, akulamula pakhomo. Ine ndinawapeza alibe ngakhale mphika.

Tsiku lomwe ndinapsalo linali la mwezi wotentha ngati uno, mvula isanagwe. Mabwato anali atangokocheza, padooko podzaza ogula, njinga zili mbwee. Bambo anali akadali pakati pa dambo kuonjola miono. Ine ndinali nditanyamula waya wodzaza milamba kuti ndiutembenuze pamene ndinamva kanthu kaja kakukwera kuchokera m'mimba. Masiku ena ndikamva choncho ndinkathawa pamoto n'kukakhala pansi poyera. Tsiku limenelo manja onse anali ndi katundu, ndinati ndingotula kaye. Sindinatule.

Zotsatirazi sindinazione, wogwa saona kugwa kwake. Ndinachita kuuzidwa, pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, wina kachidutswa aka, wina ako. Akuti ndinagwa chammbali, mkono wamanzere n'kulowa m'dzenje mpaka pachigongono, pamakala penipeni. Anthu anathamangira, koma atafika pafupi anaima. Wina anakuwa kuti, "Musamukhudze, ngwakhunyu ameneyo!" Onse anabwerera m'mbuyo, nsalu ndi zipewa zili pamphuno. Amalume aja a mwambi wa ndevu analipo. Tchale analipo. Wina anatenga nkhafi n'kuyesa kundikankha nayo miyendo, koma nditagwedezeka anaitaya n'kuthawa.

Pali chinthu chimodzi chimene anandibisira nthawi yaitali. Waya uja unagwera pamoto limodzi ndi ine, milamba n'kuyamba kupserera. Munthu wina anazungulira mbali inayo ya dzenje, anagwira wayawo kunsonga n'kuukokera pambali. Nsomba anaziphula, ana inu. Sizinapserere kwambiri, zinagulidwa tsiku lomwelo.

Agogo anu aakazi ankachokera kumadzi, beseni la nsomba zotsuka lili pamutu. Ataona anthu atazungulira anayesa kuti mwina apha nsato. Anasuzumira pakati pa mapewa a anthu, n'kukuwa m'Chisena chawo, "Mphateni! Mphateni munthu!" Ndiko kuti mugwireni. Palibe anasuntha. Anaponya beseni pansi, anakankha amuna awiri akuluakulu, anandigwira lamba wa kabudula n'kundikoka ngati thumba la thonje. Kenako anathamangira kumadzi ndi beseni lomwe lija, anathira mkonowo madzi, anabwereranso, anathiranso. Anandigoneka chammbali, anapukuta thovu ndi nsonga ya nsalu yawo imodzi ija, n'kuika mutu wanga pamiyendo pawo.

Pamenepo ndi pomwe maso anga anatseguka. Ululu unali usanafike, unabwera pambuyo pake. Choyamba kuona chinali chibwano cha mayi wachilendo, thukuta likudontha. Kenako ndinayang'ana kumbali, ndinaona miyendo ya anthu itandandalika patali. Nkhope sindinkatha kuziona chifukwa cha dzuwa, koma ndinawazindikira ndi mapazi. Awa ndi amalume, chala chachikulu chokhota. Awa ndi a Tchale, nkhwaira za matayala zomwe tinadulira limodzi. Dzanjali linapola kalekale, koma mapazi amenewo ndimawaonabe, ndipo ndikawaona mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. N'chifukwa chake usiku wathawu sindinagone, ndimaganiza kuti Tiyamike atatsegula maso kumjigo kuja anaona mapazi a yani.

Bambo atakocheza bwato anapempha njinga kuti andithamangitsire kuchipatala cha mishoni. Njinga zonse zija zinapezeka ndi zifukwa. Iyi tcheni chaduka, iyo mwini wake wapita kaye kuthengo, inayo yamangidwa kale dengu. Lonjezo, ukuona kuti nkhani ya tayala sinayambe ndi iwe? Bambo anandibereka kumsana ngati khanda, mwamuna wamkulu wa ndevu zanga, a Dominga akuyenda pambali atanyamula mkonowo m'masamba a nthochi kuti usagunde. Tinkapuma pansi pa mtengo uliwonse wa mthunzi.

Kuchipatala anadula zala zitatu, zinali zitapsa mpaka pafupa. Dokotala wake, munthu wakuda mnzathu wa imvi, anafunsa bambo kuti, "Kodi mwanayu anali yekha?" Bambo anati ayi, panali anthu. Dokotalayo anavula magalasi n'kunena kuti, "Akanamukoka nthawi yomweyo, bwenzi atatupa matuza okha, sabata ziwiri n'kubwerera kuntchito. Zalazi sizinadyedwe ndi moto wokha ayi, zadyedwa ndi kuchedwa." Ndiye amene anatiuza koyamba kuti khunyu sapatsirana, kaya ndi thovu, kaya ndi mpweya, kaya ndi chikho. Bambo sanakhulupirire msanga. Sing'anga wa kwathu anali atanena kale kuti wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti basi, mankhwala sangamugwirenso. Koma dokotalayo anandipatsa timapiritsi toyera, n'kundiuza kuti ndizimwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo kugwa kuja kunayamba kutalikirana.

Timapiritsi timeneto ndi tomwe tili m'kabotolo pamwamba pa chitseko. Inde, tomwe umandipatsira madzulo tija, Esinati, n'kumauza anzako kuti agogo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Magazi anga sathamanga, amayenda bwinobwino ngati mwini wake. Mayi anu akudziwa, anakula akuziona. Inu ndinawapempha kuti asakuuzeni, chifukwa ndinkafuna muzikwera pamiyendo panga osayamba mwanyowetsa chala kufufuza mphepo.

Nditabwerera kumsasa ndinapeza a Dominga alibe ganyu. Palibe ankalola kuti agwire nsomba zake, ati atenga matenda. Mitu ndi matumbo zija anawamana. Anthu ankawaloza chala n'kumadikira tsiku loti agwe. Mwezi unatha, wina unatha, mvula inagwa, madzi anadzaza dambo n'kuphwanso, munthu osagwa. Mayi anga ndi amene ankawapatsa ufa mobisa.

Tsiku lina ndinawafunsa, Chisena changa chothyokathyoka, kuti kodi sankaopa. Anayang'ana kumadzi. Kenako anati, "Nkhabe, ayi, thovu sindiliopa. Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, Jowaki, wa matenda ngati akowa. Ndinkamupukuta ine kuyambira ali mwana. Tsiku lina ndinapita kukatema nkhuni, iye anagwera m'munda wa mpunga, madzi ake olekeza m'kakolo. Anthu ankapalira m'munda womwewo. Nditabwera ndinapeza ataimirira mozungulira, makasu ali m'manja, akundidikira ine kuti ndidzamutembenuze." Jowaki anamira m'madzi oti nkhuku ikhoza kuoloka.

Za ukwati wathu mukufuna kumva, ndikuona Esinati wayamba kumwetulira. Ine ndinkachita manyazi, munthu wa dzanja limodzi ndi matenda pamwamba, ndikafunsira bwanji? Ndinazungulirazungulira mpaka iwo anatopa nane. Anati, "Iwe Zuze, nsomba ndaphula ndekha pamoto, ndisiyire wina adye?" Nkhani inathera pomwepo. Tsiku loyamba m'nyumba mwathu anatenga chikho chija cha kachingwe kofiira, anadula kachingweko ndi mpeni, anatunga madzi n'kumwa, n'kundipatsa otsalawo. Ndinalira, ana inu, sindikubisirani. Kuyambira tsiku la m'bwato lija ndinali ndisanamwere chikho chimodzi ndi munthu.

Kudambo tinachokako, ntchito ya moto ndi ya madzi zonse zinali zitandikana. Tinabwera kuno ku Ngabu kudzalima thonje ndi mapira. Iwo khasu, ine kubzala, kupatulira, kutola ndi kusankha, ntchito zoti dzanja limodzi ndi theka likhoza. Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo pamalole, iwo anati kwawo ndi kumene kuli mbuzi zawo. Ndinagwako kangapo m'zaka zimenezo, makamaka chaka china madzi atadula msewu, mapiritsi n'kundithera. Nthawi zonse ndikatsegula maso ndinkapeza chibwano chomwe chija. Tinagona mphasa imodzi mpaka tsitsi lathu linayera, anabereka ana, anamwalira ndi matenda a shuga atakalamba. Kugwa sanagwepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Tchale sindinamuonenso kwa zaka zambiri. Ndinkamva kuti naye anasiya usodzi, akuyendetsa ngolo cha ku Bangula. Kawiri konse ndinamuona patali pamsika, iye n'kukhotera kuseri kwa sitolo. Ndinkayesa kuti akunyansidwa nane. Tsono chaka china, mayi anu atakwatiwa kale, ndili pamzere wogulitsa thonje, ndikulimbana ndi thumba kuti ndilikweze pasikelo, ndinangoona manja a munthu alinyamula mbali inayo. Anali iye, mutu uli mbuu. Tinakakhala pansi pa bwemba. Sananyowetse chala, anangokhala pafupi, phewa kugunda phewa.

Anati, "Zuze, shamwali." Ndiko kuti bwenzi.

Ine ndinali ndi funso limodzi lomwe ndinalisunga zaka zonsezo. Ndinati, "Tchale, undiuze zoona. Pamoto paja ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji?"

Anaphimba nkhope ndi chipewa. Anati, "Wogula wina wa ku Thyolo anayamba kumanga dengu lake panjinga iwe utagwa kale. Anamaliza kumanga, anayesa ngati lalimba, iwe ukadali pomwepo." Anapitiriza kuti, "Miyendo yanga inkafuna kubwera, Mulungu ndi mboni. Koma ndinayang'ana amalume ako, ndinati ayambe ndi iwo, magazi ndi awo. Mwina iwonso ankayang'ana ine, kuti ayambe mnzake wa pamtima. Aliyense ankayang'ana mnzake, palibe ankayang'ana iwe. Chiyambire tsiku lija nsomba yowamba sindiika mkamwa. Ndikangomva fungo lake ndimatuluka panja."

Taganizani, mwana wa msodzi, wobadwira padooko, kukalamba osadya mlamba. Ine ndinkayesa kuti pamoto paja ndinapsa ndekha. Ndinamumvera chisoni munthu uja kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha, chifukwa ine zala zinadulidwa kamodzi n'kupola, iye ankadzuka nazo m'mawa uliwonse. Ndinali ndi thobwa m'botolo la agogo anu. Ndinamwa, n'kumupatsa. Analandira, anamwa, n'kunena kuti, "Takhuta," ndiko kuti zikomo m'Chisena. Anamwalira chaka chotsatira, ndinakagona pamaliro ake.

Lonjezo, zimenezo ndi zomwe sindikufuna kuti zidzakuchitikire. Ndiwe mwana wabwino, dzulo unkayesa kuti ukuteteza ang'ono ako. Koma sindikufuna udzakalambe ukukhotera kuseri kwa sitolo poona mlongo wako, kapena kulephera kumwa madzi a pamjigo. Dzulo ngalande ija inali ndi matope okha. Mvula ikagwa mwezi wamawa idzadzaza, ndipo Tiyamike adzapitabe kukatunga madzi. Adzakhala pafupi ndi moto pophika, adzaoloka msewu wa malolewu popita kusukulu. Ine sindingamutsatire konseko, miyendo inatha. Otsala ndinu.

Ntchito yake si yovuta, agogo anu aakazi anaidziwa osapita kusukulu. Akagwa, mukokereni kutali ndi moto, madzi kapena msewu. Mugonekeni chammbali, pansi pa mutu muikepo nsalu. Mkamwa musaikemo supuni kapena chala, zoti ameza lilime n'zabodza, langali ndi ili ndikukulankhulirani nalo. Musamupanikize, zimatha zokha, zikachedwa kutha thamangirani kuchipatala. Akadzinyowetsa mufunditseni chitenje anthu asaone. Kenako khalani pansi pomwepo, pafupi, kuti akatsegula maso aone nkhope, asaone mapazi.

Mukuopabe, ndikuona. Chabwino, tawerengani nokha. Ndani mwa inu sanagonepo pachifuwa panga ali khanda? Ndani sanalumeko mbatata yomwe ndaluma ine? Iwe Esinati unkachita kundilanda nzimbe mkamwa. Za kuphwisa ndiye tisanene, m'nyumba muja mwamva zambiri, ndipo zina munkanamizira galu. Ndani wagwapo? Tiyamike sanawatengere kuchikho changa kapena kumpweya wanga, matendawa amangobwera, monga ena amabadwa ndi mphumu. Kuchipatala amupatsa timapiritsi take, tiziika pamwamba pa chitseko pafupi ndi tanga, tizikumbutsana awiriwiri.

Thobwa latsala pang'ono m'chikhomu. Ndamwera ine wakhunyu wakale, mwini wake ndi wakhunyu watsopano. Nali, ndalitambasula ndi dzanja lomweli. Sindikakamiza munthu, koma mkono wa nkhalamba suchedwa kutopa.

Eya. Pang'onopang'ono, Lonjezo, ungatsamwe. Usiyireko Esinati, ukumaliza lonse ngati wabwera kuchokera kudambo. Pukuta maso, anzako a kabaza angakuone.

Tsopano dzuwa lapendeka, kuchipatala amakhala atawamasula nthawi ngati ino. Akubwera wapansi ndi kutentha konseku, mwana wosadya bwino chidzulo. Tenga njinga yako yakuphwa tayala ija, ukakumane nawo pamsewu. Ukamupeza usachuluke zonena, iye sakufuna mlandu. Umukweze pakaliyala, umuuze akugwire m'chiuno zolimba, ndipo udutse naye pamjigo pomwe paja anthu akuona.

Esinati, tenga chikhochi ukachitsuke. Ukachivundikire pathandala pakati pa zinzake, kuti Tiyamike akafika ndi ludzu achite kuchifunafuna.